KUTENTHA KWA INJINI ZA MAGALIMOTO A LIWIRO: KODI AMALIPIRA NDANI?

Mwezi wa Okutobala ukafika m'boma la Chongwe, si cacilendo kuona galimoto itaima m'mbali mwa mseu wa Great East, boneti ili m'mwamba, nthunzi ikufuka, mwini wake akufunafuna cigubu ca madzi. Ena mwa magalimoto amene amagwa m'vutoli ndi aja a liwiro amene acinyamata a mu Lusaka ndi madera ozungulira amawakonda, monga Toyota Altezza, Toyota Mark X, Subaru Impreza, Volkswagen Golf GTI ndi a BMW.

Galimoto yotere ikafa panjira, anthu amathamangira kuloza cala kampani imene inaipanga. Okonda Toyota amaseka anzawo a Subaru, a Subaru nawo amanyoza a BMW. Koma mkanganowo ukazirala, pamatsala funso lokhudza thumba la mwini galimoto: kodi ndalama zokonzetsera injini zicokera kuti? Kwa anthu ambiri m'dziko la Zambia yankho n'lakuti zicokera kwa iwo eni, cifukwa magalimoto awo alibe waranti, imene ndi pangano lakuti wopanga kapena wogulitsa adzakonza kwaulere cimene cawonongeka m'kati mwa nthawi yoikika.

Mmene injini imatenthera

Injini imayenda mwa kuwocha mafuta. Pa mphamvu yonse imene ili mu petulo, pafupifupi gawo limodzi cabe mwa magawo atatu ndilo limazunguza mawilo. Gawo laciwiri limatuluka pamodzi ndi utsi, ndipo lotsalalo ndi kutentha kumene kuyenera kucotsedwa ndi madzi ozungulira m'injini.

Pampu imakankha madziwo kudutsa m'tinjira ta m'kati mwa injini, kenako amapita ku radiyeta kumene mphepo imawaziziritsa. Galimoto ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono, fani ndiyo imakoka mphepoyo. Palinso kacipangizo kochedwa themositati, kamene kamatseka njira ya madzi injini ikakhala yozizira, ndi kuitsegula kutentha kukafika pakati pa madigiri 80 ndi 90. Zonsezi zikakhala bwino, injini imagwira nchito pa madigiri apakati pa 90 ndi 105.

Galimoto ya liwiro imawocha mafuta ambiri m'nthawi yocepa, cotero kutentha kwake kumaculukanso. Ambiri mwa magalimotowa ali ndi tebo, imene imazunguzidwa ndi utsi wotentha kwambiri n'kumakankhira mpweya woculuka m'injini. Cifukwa ca ici, vuto laling'ono limene galimoto wamba ingayende nalo kwa miyezi, monga paipi yodontha pang'ono kapena fani yofooka, lingathe kupha injini ya liwiro pa ulendo umodzi.

Cimene mseu wa ku Chongwe umayesa

Tauni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka. Wocoka mumzinda amayamba ndi mdipiti wa magalimoto oyenda ciimeime, kumene radiyeta imadalira fani yokha. Akapitirira mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ndi dera la Silverest, mseu umatseguka ndipo ambiri amaponda mafuta kuti apitirire malole. Kupitirira Chongwe kuli Rufunsa ndi zitunda zokhotakhota zotsikira ku mlatho wa Luangwa, kumene cigwa cimatentha kuposa ku Lusaka. Wobwerera kucoka ku Chipata amakwera zitunda zomwezo injini ikukoka ndi mphamvu yake yonse.

Kukwera kwa malo nakonso kuli ndi mbali yake. Dera la Chongwe lili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kucokera pa nyanja yaikulu. Pamalo otere madzi a mumphika amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Cimene cimaletsa madzi a m'galimoto kuwira msanga ndi civundikiro ca radiyeta, cimene cimapanikiza madziwo kuti asawire kufikira atayandikira madigiri 120. Civundikiro cikatha mphamvu, madzi amayamba kuwira pa kutentha kumene injini imagwirira nchito masiku onse, ndipo amatha mwini wake osadziwa.

Vuto lina ndi madzi amene amathiridwa. Madzi a m'zitsime ndi m'mijigo ya m'madera ambiri a cigawo ca Lusaka ali ndi laimu, yemwe amasiya zoyerayera zimene zimaoneka m'ketulo. Zomwezo zimakanirira m'timapaipi ta radiyeta n'kutitseka. Opanga magalimoto amalamula kuthira kulanti, mankhwala osakanizidwa ndi madzi oyera, amene amacedwetsa kuwira ndi kuteteza zitsulo ku dzimbiri. Kunja kwa radiyeta nako, fumbi, tizilombo ndi njere za udzu za m'miseu yopita kumafamu ndi kumidzi zimachinga mphepo.

Amakanika ena amacotsa themositati ponena kuti inapangidwira maiko ozizira. Ici cimangobisa vuto osalicotsa. Injini yopanda themositati imacedwa kufika pa kutentha koyenera, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Mu injini zina, madzi amayamba kuzungulira m'njira yacidule osadutsa mokwanira ku radiyeta, ndipo kutentha kumabwerabe.

Kutentha kukapitirira, mutu wa injini, umene amakanika amauchula kuti silinda hedi, umapindika kapena kung'aluka cifukwa m'magalimoto ambiri a masiku ano ndi wa aluminiyamu. Gasiketi yokhala pansi pake imapsa, ndipo madzi amasakanikirana ndi oilo. Zizindikiro zake ndi utsi woyera wosaleka, oilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndiponso madzi omangotha popanda poonekera kudontha. Apa nchito imakhala yaikulu: kumasula injini, kupala mutuwo pa makina, kapena kugula injini ina yathunthu.

Mkangano wa maina

Kupikisana kwa maina a magalimoto sikunayambe lero. M'mipikisano ya rale ya dziko lonse, Subaru ndi Mitsubishi analimbana kwa zaka zambiri. Colin McRae anapambana ukatswiri wa dziko lonse ndi Subaru Impreza mu 1995, ndipo Tommi Mäkinen anautenga zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1996 kufika 1999, ndi Mitsubishi Lancer Evolution. Richard Burns mu 2001 ndi Petter Solberg mu 2003 anabwezera ulemu ku Subaru.

Dziko la Zambia nalo lili ndi mbiri yake pa masewerawa. Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa kasanu ndi katatu. Muna Singh anapambana mu 2004 ndi 2005 akuyendetsa Subaru, ndipo Leroy Gomes anapambana mu 2022 ndi Ford Fiesta. Mbiri yotereyi ndiyo imapatsa acinyamata cidwi cogula maina amenewa. Koma galimoto ya rale imakonzedwa mwapadera: imaikidwa radiyeta yaikulu ndi zoziziritsira oilo, ndipo amakanika amaiyang'ana kangapo pa tsiku la mpikisano. Galimoto ya zaka khumi ndi zisanu yogulidwa pa intaneti ingakhale ndi dzina lomwelo, koma ilibe cisamaliro cotero.

Makampani eni ake sadana monga momwe owakonda amaganizira. Toyota 86 ndi Subaru BRZ, amene anayamba kugulitsidwa mu 2012, ndi galimoto imodzi yokhala ndi maina awiri, yopangidwa m'fakitale ya Subaru ku Gunma m'dziko la Japan. Toyota ili ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kampani ya Subaru. Toyota Supra imene inatuluka mu 2019 inabwera ndi injini ya BMW. Cotero munthu wonyadira Toyota n'kumanyoza Subaru kapena BMW angapezeke kuti akunyoza injini imene ili pansi pa boneti yake.

Ndiponso palibe dzina limene linapulumuka ku vuto la kutentha. Ku America, kumene okonda Ford ndi okonda Chevrolet akhala akunyozana kwa zaka makumi ambiri, mbali zonse ziwiri zinakumana nalo pa nthawi imodzi. Eni Chevrolet Corvette Z06 ya 2015, galimoto ya mphamvu za akavalo 650, anadandaula kuti inali kutentha ndi kudzicepetsera mphamvu akaithamangitsa pa bwalo la mpikisano. Eni Ford Shelby GT350 ya 2016 nawo anadandaula kuti giyabokosi ndi difu zinali kutentha m'magalimoto amene anagulitsidwa opanda zoziziritsira zapadera. Mu 2017 magulu onse awiri anatengera makampaniwo kukhoti. Ford inayamba kuika zoziziritsirazo pa GT350 iliyonse ya 2017, ndipo General Motors, eni ake a Chevrolet, anasintha zina pa kaziziritsidwe ka Z06 ya caka comweco.

Cimene cinapatsa eni magalimotowo mphamvu yolankhula si dzina la galimoto. Anali atagula magalimoto atsopano kwa ogulitsa ovomerezeka, anali ndi mapepala a waranti, ndipo wopanga galimoto anali m'dziko lawo lomwelo, kumene khoti likanatha kumuitana.

Kodi waranti imalonjeza ciani?

Waranti ya galimoto yatsopano imateteza wogula ku zolakwika za kufakitale, kaya ndi citsulo cosalimba kapena kamangidwe kolakwika. Imakhala ndi malire a zaka ndi a makilomita, ndipo imatha pamene cimodzi mwa ziwirizi cayamba kukwanira. Makampani ambiri amapereka zaka zitatu kapena zisanu. Siilipira zinthu zimene zimatha ndi nchito, monga matayala ndi mabuleki, ndipo siilipira kuwonongeka kobwera cifukwa ca kusasamala.

Apa ndi pamene mikangano yambiri imabukira. Wogulitsa angakane kulipira ngati galimoto sinapite ku sevisi pa nthawi yake, ngati inathiridwa oilo kapena kulanti wosayenera, ngati kompyuta ya injini inasinthidwa kuti iwonjezere mphamvu, kapena ngati inagwiritsidwa nchito pa mpikisano. Angakanenso ngati woyendetsa anapitiriza ulendo geji itafika kale pofiira. Magalimoto a masiku ano amasunga zina mwa zimenezi m'kompyuta yawo, cotero n'kovuta kuzibisa.

Mu 2022, ku America, mwini Toyota GR86 anakanizidwa waranti injini yake itawonongeka, pambuyo pakuti paoneka cithunzi pa intaneti coonetsa galimotoyo ikuseweretsedwa pa bwalo lophunzirira kuyendetsa mwaliwiro. Nkhaniyo itafala, Toyota inasintha maganizo n'kuvomera kulipira. Phunziro lake kwa acinyamata okonda kujambula magalimoto awo akuzungulira ndi kufukitsa matayala n'lakuti zithunzi za pa Facebook zingasanduke umboni wowatsutsa.

Citsanzo capafupi ndi ca ku South Africa. Magalimoto angapo a Ford Kuga a injini ya tebo ya malita 1.6 anayaka moto m'miseu ya dzikolo. Kampaniyo inafotokoza kuti madzi akalephera kuzungulira bwino, injini inali kutentha, mutu wake n'kung'aluka, ndipo oilo wodonthera pa zitsulo zotentha anali kubutsa moto. Mu Januwale 2017 Ford inaitanitsa magalimoto 4,556 kuti akakonzedwe, ndipo mu 2019 inagwirizana ndi bungwe la National Consumer Commission kulipira faindi ya marandi 35 miliyoni. Nkhaniyi inaonetsa zinthu ziwiri: kutentha kwa injini kungaike moyo pangozi, ndipo bungwe loteteza ogula lingathe kukakamiza ngakhale kampani yaikulu.

Wogula wa m'Zambia aima pati?

Ogula magalimoto m'dziko muno ali m'magulu atatu, ndipo citetezo cawo cimasiyana.

Gulu loyamba ndi la ogula galimoto yatsopano kwa wogulitsa wovomerezeka ndi kampani yopanga. Awa ali ndi waranti yolembedwa, malinga atsatira malamulo ake. Koma ndi ocepa, cifukwa mitengo ya magalimoto atsopano ndi yokwera.

Gulu laciwiri, lomwe ndi lalikulu, ndi la oitanitsa okha galimoto yakale kucokera ku Japan kapena ku United Kingdom, yolowera ku doko la Dar es Salaam n'kudzera pa Nakonde, kapena ku Durban n'kudzera pa Chirundu. Ku Japan waranti ya injini ya galimoto yatsopano kawirikawiri imakhala zaka zisanu kapena makilomita 100,000, ndipo imagwira nchito m'dzikomo. Magalimoto ambiri amafika kuno itatha kale. Toyota inaleka kupanga Altezza mu 2005, Mitsubishi inaleka Lancer Evolution mu 2016, ndipo Mark X inalekeka mu 2019. Conco palibe galimoto ya maina atatuwa imene ikali ndi waranti ya kufakitale.

Ena amaganiza kuti satifiketi yoyendera galimoto isanatumizidwe, imene bungwe la Zambia Compulsory Standards Agency limafuna, ndi waranti. Si conco ai. Satifiketiyo imangosonyeza kuti galimotoyo inali yoyenera kuyenda pamseu pa tsiku limene inayesedwa. N'cimodzimodzinso ndi fitinesi ya bungwe la Road Transport and Safety Agency. Inshuwalansi nayo, ngakhale ija yaikulu, kawirikawiri imalipira ngozi, kuba ndi moto, osati injini yofa cifukwa ca kutentha. Ndipo kukasuma wogulitsa amene ali kutsidya kwa nyanja n'kovuta ndi kodula.

Gulu lacitatu ndi la ogula galimoto yakale kwa amalonda a m'dziko muno. Awa ali ndi pothawira. Lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010, limene linakonzedwanso mu 2023, limaletsa wamalonda kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosayenera nchito imene anagulidwira. Limaletsanso kunamiza wogula ndi kupacika zikwangwani zonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Wodandaula angapite ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, lodziwika kuti CCPC, kapena ku khoti la milandu ing'onoing'ono. Komabe dandaulo limalimba pamene pali lisiti, pangano lolembedwa ndi lipoti la makanika losonyeza kuti vutolo linalipo kale pa tsiku logula. Wogula kwa mnzake pa mawu a pakamwa cabe amasowa pogwira.

Akulu anati safunsa anadya phula. Munthu asanapereke ndalama ayenera kufunsa ngati pali waranti, kutalika kwake, ndi zimene imalipira, ndipo yankho lilembedwe papepala. Ayeneranso kupita ndi makanika wake, osati wa wogulitsa, kuti ayese ngati mpweya wa m'injini sukulowa m'madzi, ayang'ane mtundu wa oilo, ndi kuona ngati themositati ilipo ndiponso ngati fani imadzuka yokha. Galimoto iyesedwe pa mtunda wautali ndi pa citunda, osati kungozungulira nayo pabwalo la wogulitsa.

Zoyenera kucita panjira

Ulendo wautali usanayambe, monga wopita ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kapena wa Kulamba ku Mkaika, woyendetsa ayang'ane madzi ndi oilo m'mawa injini ikali yozizira. Afinye mapaipi kuti aone ngati sanafewe kapena kung'aluka, ayang'ane lamba wozunguza pampu, ndi kutsuka kumaso kwa radiyeta. Civundikiro ca radiyeta ndi themositati ndi zinthu zochipa poyerekeza ndi mtengo wa injini, ndipo n'kwanzeru kuzisintha galimoto ikangofika kucokera kunja, pamodzi ndi kulanti yense.

Geji ikayamba kukwera, woyendetsa azimitse makina oziziritsa m'kati, atsegule mawindo, ndi kuyatsa hita mwamphamvu, cifukwa hita imatenga kutentha kwina kucoka m'madzi a injini. Kenako apatuke pamalo oonekera bwino, azimitse injini ndi kuika zikwangwani zocenjeza kutsogolo ndi kumbuyo. Pa zitunda ndi pamakona a ku Rufunsa, galimoto yoima pobisika ingabweretse ngozi yoposa vuto la injini.

Civundikiro ca radiyeta cisatsegulidwe injini ikali yotentha. Madzi opanikizika amatumphuka ndi nthunzi ndipo amawocha nkhope ndi manja. Padikiridwe mphindi zosacepera 30. Madzi ozizira asathiridwe pa injini yotentha kapena m'kati mwake mwadzidzidzi, cifukwa citsulo cingang'aluke. Ngati palibe kulanti, madzi wamba angathandize kufika ku galaji yapafupi, koma acotsedwe pambuyo pake. Ngati geji ikweranso ulendo utangoyambiranso, galimotoyo ikokedwe. Ndalama yokokera galimoto kucoka ku Chongwe kupita ku Lusaka ndi yocepa poyerekeza ndi ya injini ina.

Amene galimoto yake ikali ndi waranti asalole makanika wa m'mbali mwa mseu kumasula injini. Aimbire wogulitsa, ajambule geji ndi makilomita a pa dashibodi, ndipo asunge buku la sevisi ndi malisiti onse, cifukwa zimenezi ndizo zidzafunsidwa poyamba.

Mkangano wa Toyota, Subaru ndi BMW udzapitirira m'malo otsukira magalimoto ndi m'magalaji a Chongwe ndi Lusaka. Koma pa tsiku limene nthunzi yafuka pansi pa boneti, wolipira amadziwika ndi mapepala amene mwini galimoto ali nawo ndiponso mmene anaisamalira. Kwa ambiri amene alibe waranti, citetezo cotsala ndi kulanti woyenera, sevisi ya pa nthawi yake, ndi kuima msanga geji ikayamba kukwera.